Nzimbe za Atate ku Kanyama

Atate anga adagwirapo ntchito yodula nzimbe ku Mazabuka asanasamukire ku Lusaka. Pobwera adatenga mbewu za mitundu itatu, nabzala kuseri kwa nyumba yathu ku Kanyama, mtundu uliwonse pamzere wake. Padali yofiira yofewa, yachikasu yonenepa, ndi ina yobiriwira, yowonda komanso yolimba ngati nsungwi. Ankafuna kuona kuti ndi iti ingabereke bwino pa dothi lathu lamiyala, kuti adzagawireko anansi. Masiku amenewo shuga ankasowa m'masitolo, ndipo amayi ankalawirira kukaima pamzere n'kubwerako chimanjamanja.

Anafe tinkasirira yofiira ija, koma atate ankatikaniza. "Musagwile iyo, nikali kuona mwamene ikulila," ankatero.

Chaka china mvula idagwa yosalekeza, madzi n'kudzaza komboni yonse. Ataphwa, tidapeza yofiira itawola kumizu, yachikasu itagwa pansi, ikununkha. Yobiriwira yokha ndiyo idapulumuka. Atate adadula imodzi, nasenda, natafuna nthawi yaitali, kenaka n'kulavula.

"Ilibe manzi iyi, ni mutengo chabe," atate adauza amayi, poona kuti nzimbeyo idalibe madzi otsekemera.

Komabe adapitiriza kuisamalira ndi kuithira manyowa, poganiza kuti mwina idzatsekemera ikazolowera nthaka. Sadaone mapeto ake. Atcheyamani a chipani m'dera lathu adapereka malo a nzimbe aja kwa munthu wina kuti amangepo nyumba, ndipo kudabwera amuna ndi zikwanje kudzadula nzimbezo. Atate, amene adali atayamba kale kutsokomola, adakhala pakhomo n'kumaonerera. Sadabzalenso china chilichonse kufikira pamene tidawaika m'manda chilimwe chotsatira.