Mlamu Wanga wa ku Kongo

Achimwene anga ndi msilikali. Atabwerako kosungitsa mtendere ku Kongo, anatitulukira ndi mkazi. Anamusiya kwathu, kufupi ndi Nkhamenya, iwo n'kubwerera kuntchito. Amayi sanakondwe nazo.

"Kodi akazi anatha ku Kasungu kuno?" ankatero, mpongozi wawoyo ali pomwepo, poganiza kuti sakumva.

Lamulungu lina masana ndinamutenga mlamuyo kukaonera filimu pamsika. Inali yakalekale, yomasuliridwa m'Chichewa: msilikali wabwera kwawo ndi mkazi amene anamupeza kunkhondo, abale akumunyoza, mpaka mkaziyo akumanga katundu. Anthu ankatembenuka kumuyang'ana mlamu wanga, ena akuseka. Filimu isanathe anandikoka dzanja kuti tituluke.

"Mlamu," anatero m'Chichewa chake chothyokathyoka, "ine katundu sindimanga."

Nthawi yothyola fodya itakwana, chigafa chathu choumitsiramo masamba chinadzaza ndi fodya wa bale. Tsiku lina amuna onse ali kumaliro kutsidya, chimphepo chinasasula denga la chigafacho mbali imodzi, kumwamba kutada bii. Amayi anangogwira m'mutu. Fodya wouma akanyowa amawola, ndiye kuti thukuta la chaka chonse lapita pachabe.

Mlamu anakwinda chitenje n'kukwera padenga.

"Pepala! Chingwe!" ankakuwa, mawu ena akuwaponya m'Chiswahili.

Ndinathamangira chipepala cha pulasitiki chomwe tinkayanikirapo chimanga. Akazi a matenanti a pa esiteti yoyandikana nafe anabwera ndi zingwe za linya ndi luzi. Mlamu ankaika mwala pakona ya pepala, kukulunga, kumanga mfundo, n'kutiponyera chingwe kuti tikokere pansi. Anadzandiuza pambuyo pake kuti anaphunzira zimenezi kumsasa wa othawa nkhondo, komwe mphepo inkawalanda matenti.

Mvula inakhuthuka tikumanga chingwe chomaliza. Unanyowa ndi fodya wa pamikangala iwiri yokha, mitengo yomwe tinkapachikapo masamba.

Mlamu atatsika, manja atasupuka, amayi anaimba nthungululu mpaka mawu anasasa. Anavula chitenje chawo chapamwamba n'kumufunditsa.

"Lowani m'nyumba, mwana wanga, mungadwale."

Amuna pobwera kumaliro anafunsa amene wafolera chigafa. Amayi sanadikire kuti wina ayankhe.

"Mpongozi wanga! Inu munali kuti?"

Posankha fodya chaka chimenecho, amayi anamukhazika pambali pawo penipeni, n'kumamuonetsa okha tsamba labwino ndi lakupsa. Ine amene ndinkakhala pamenepo zaka zonse anandisunthira kukhomo.