Chitseko Chakale cha Amayi ku Kawale

Mwaswera bwanji nonse.

Lero owotcherera aika chitseko chachitsulo chija kwa Amayi ku Kawale. Ncholimba, akuba sangachithe.

Chakale cha mlombwa, chotsekuka magawo awiri chija, achiimika kuseri. Pamwamba pa gawo lam'munsi panasalala, pomwe Amayi ankatsamira popereka moni kwa odutsa. Nditapagwira, ndinakumbuka malemu Abambo akuchipala pakhonde.

Titatseka chatsopanocho, m'nyumba munachita mdima. Amayi anangoti, "Nanga anzanga a Nabanda ndiziwaona bwanji akamapita kumsika?"



Kalipentala wina akufuna chakalecho akapangire benchi. Ndamuuza adikire. Achimwene, achemwali, bwanji tichiike pakhomo la kukhitchini, loyang'ana kunjira? Mpaka pano Amayi akhala kuseriko, pafupi nacho.