Kabokosi m'Thumba la Kachewere

Mwana wanga amakonda pulogalamu ya pa TV imene achinyamata amapikisana pa magemu. Dzulo m'menemo munalira kuti pi-pi-pi, ine ndinakumbuka zakale.

Ndili Sitandade 4 ku Bembeke, amalume anabwera kuchokera ku Joni ndi kabokosi kokhala ngati sopo, kagalasi pakati. Ukadina mabatani, kamunthu kankathamanga kuwakha mazira, kakulira pi-pi-pi; ukaphonya, dzira linkasweka ndi kulira kwina. TV tinali tisanaionepo. Sabata isanathe, mbiri inawanda yoti amalume ali ndi wailesi yolankhulira ndi zigawenga zakunja. Masiku amenewo nkhani yotere munthu ankapita nayo osabwerako.

M'mawa wina wa chifunga, amayi anaona atcheyamani a chipani akukwera chitunda. "Kabise," anandinong'oneza. Ndinakakwirira m'thumba la kachewere pakhonde, manja akununkha dothi lonyowa.

Atcheyamani anakhalira thumba lomwelo.

"Akuti pakhomo pano pamafika mauthenga," anatero.

"Mabodza a anthu amenewo, bambo," anayankha amalume.

Thumba linalira. Tinali titaiwala kuti kamalira kokha ikakwana 8 koloko.

Atcheyamani anakafukula n'kundiloza. "Iwe mwana, amalankhula umu ndani?"

Ndinadina mabatani, kuwaonetsa mmene amawakhira mazira. Anayang'anitsitsa nthawi yaitali osaseka.

"Tikakafufuza," anatero, n'kukaika m'jekete.

Tinaima pakhonde kuwayang'ana akutsika. Atangozimirira m'chifunga kuseri kwa mitengo ya mapichesi, tinamva pi-pi-pi, kenako kulira kwa dzira losweka.