Kabokosi Kamene Ndinakana Kupereka

Chaka chimene ng'anjo za kufakitale ya zitsulo ku Redcliff zinazima, ine ndinali nditagwirako ntchito zaka zoposa makumi awiri, ndikukonza mamita a magetsi ndi mawaya pafupi ndi makina opsinja chitsulo chamoto. Sanatichotse ntchito, ayi. Ankangotisiya tizipita kukasaina m'mawa n'kubwerera kunyumba chimanjamanja. M'masitolo munali mashelefu okhaokha.

Ndiye kunabwera mwayi. Mkulu wina wa ku Gweru, amene anali ndi shopu yokonza magalamafoni a anthu olemera, ankasamukira ku Joni ndipo ankafuna mmisiri mmodzi woti apite naye. Anandipatsa mayeso. Anandibwereka kamutu ka singano ya galamafoni, kokwera mtengo, kamene mkati mwake mumagwedezeka tiwaya topota m'malo mwa maginito. Kamutu kotere kamaimba mokoma, koma mphamvu yake ndi yochepetsetsa, moti pamafunika kabokosi kokweza mawu asanalowe mu ampulifaya, makina otumiza mawuwo kumasipika. Vuto n'lakuti ukakweza mawu, umakwezanso kaphokoso ka siii kamene thiranzisita iliyonse, kachipangizo kokwezera mawuko, imabadwa nako.

"Mundipangire kabokosi koti singano ikakhala m'mwamba, kuzingoti zii," anatero. "Mukatha mwezi uno usanathe, tinyamukira limodzi."

Ndinaseka chamumtima. Ine amene? Ndinaphwasula mawailesi akale a anthu amene anali atathawa kale m'tauni, n'kumasankha mathiranzisita imodziimodzi. Ndinalumikiza anayi pamodzi kuti azigawana ntchito, chifukwa ukatero phokoso limatsika ndi theka. Marezisita a kaboni, tizipangizo tochepetsa mphamvu ya magetsi, ndinawataya, n'kuikapo achitsulo, ochepa mphamvu pakhomo polowera mawu. Magetsi a pakhoma ndinawakana. Ankabwera akafuna okha, ndipo akabwera ankang'ung'udza. Kabokosiko ndi ka ampulifaya koyesera ndinaziika pa mabatire, zonse m'chitini cha mabisiketi, mawaya opita pansi n'kuwamangira pamalo amodzi. Makina oyezera phokoso anali atatsekeredwa kufakitale, choncho ndinkayeza ndi makutu, ndipo makutu angawo ndinkawanyadira koopsa.

Phokoso linatsika, linatsikanso, kenako linaima. Kanatsala ka siii kowonda, makamaka kumanzere kwa mahedifoni amene ndinkamvetserera. Ndinasinthanitsa mathiranzisita a kumanzere ndi a kumanja, koma kanakhalabe kumanzere. Munthu wanzeru akanangotembenuza mahedifoni. Ine ndinatukwana mathiranzisita, n'kuonjezera ena awiri.

Mkulu uja anatumiza uthenga kawiri, ndipo kawiri konse ndinayankha kuti adikire pang'ono. Sindikanapereka chinthu cholira, dzina langa lingaipe. Mkazi wanga, amene masiku amenewo ankatidyetsa ndi tomato wogulitsa pamsewu, anaima pakhomo la chipinda tsiku lina.

"Nhai bambo a ana, bwanji osangokapereka? Chotsalacho mukakonzera komweko."

"Inu mumadziwa za tomato," ndinatero. "Za mawaya zisiyeni."

Mawu amenewo amandiwawabe. Mwezi unatha. Mkuluyo anatuma munthu kudzatenga kamutu kake, ndipo ananyamuka ndi mmisiri wina wa ku Mkoba. Ndinkamudziwa ameneyo. Akawotcherera waya, pamalopo pankaoneka ngati pachitira nkhuku. Ameneyo ndiye anapita ku Joni.

Sindinasiye. Ndinapitiriza chifukwa cha liuma basi, kuti ndidzaonetse anthu kuti ndinkanena zoona. Masana ena ndinakhala patebulo, mahedifoni m'makutu, ndikugwiragwira tiwaya ndi kutukwana. Ka siii kaja kanalipo, bwinobwino, kumanzere. Mkazi wanga analowa n'kundigwira paphewa.

"Mukumvera chiyani kodi?"

"Chomwe chija. Sichikuchoka."

"Mabatire ndachotsa m'mawa. Ndaika muwailesi, ndimafuna kumva za maliro."

Ndinatsegula chitini. Munalibedi batire ngakhale limodzi. Ndinavula mahedifoni n'kuwaika patebulo pang'onopang'ono, ndipo phokosolo silinapite nawo. Linatsala m'mutu mwanga. Kale tauni yonse inkalira ndi makina a fakitale usana ndi usiku, ndiye ndani akanamva kanthu kakang'ono chotero? Zaka zonse zija ndinkaima pambali pa makina opanda chotsekera m'makutu, ndikuseka anzanga otsekera thonje kuti ndi amantha. Fakitale inandidya khutu la kumanzere, n'kudikira kuti izime kaye kuti ndidziwe.

Ndinamuuza abweretse mabatire aja. Ndinachotsa mathiranzisita awiri oonjezera aja, kabokosiko n'kukabwezera mmene kanalili sabata yachiwiri ya mwezi wa mayeso. Ndinayatsa, ndinakweza mpaka kumapeto, n'kumuveka mahedifoni. Anatsinzina, anapendeketsa mutu, anadikira.

"Hapana," anatero. "Palibe chilichonse. Mwayatsa kodi?"

Ndinali nditayatsa. Ndinagunda pakhomo polowera mawu ndi kansonga ka sikuludalaiva, iye n'kudzidzimuka ndi kulira kwake. Kabokosi kanga kanali kabwino, kabwino kuposa chilichonse chimene ndinapangapo, ndipo kanali katatha masabata awiri galimoto ya ku Joni isananyamuke.

Mkazi wanga sanandinene. Ndikanakonda akanandinena. Anangovula mahedifoni, anazungulira tebulo, n'kukaima mbali ya kumanja kwanga. Kuyambira tsiku limenelo, akafuna kundiuza kanthu amaima mbali imeneyo.