Galimoto Yomafera pa Sukulu

Dzina loti a Sekondi sanabadwe nalo. Anawapatsa ndi madalaivala anzawo kalekale, akuyendetsa malole onyamula simenti, chifukwa mtsetse uliwonse ankautsika ali m'giya yachiwiri, anzawo akuwapitirira uku akuwaimbira hutala. Iwo ankangokweza dzanja. Ena mwa oimba hutala aja anakathera m'maphompho, ndipo ponyamula maliro awo woyendetsa ankakhala a Sekondi omwewo, m'giya yomweyo.

Atapuma pa ntchito ya malole anagula kagalimoto ka mizere itatu ya mipando, kakale ndithu koma ka injini yomvera, n'kuyamba kunyamula ana a sukulu ya mkaka. Anzawo anaseka mpaka misozi atamva kuti kagalimotoko n'kosintha kokha magiya, poti tsopano sekondi aipeza kuti? Koma makolo ankawakonda pa chifukwa chomwecho chimene anzawo ankawasekera. M'mawa ankatolera ana m'makomo, kuwatula pa geti, kuimika galimoto pansi pa mtengo kunja kwa mpanda, n'kukakhala pa benchi ya wosoka nsapato mpaka ana ataweruka masana. Ana awo enieni anakula n'kubalalika, moti ntchito imeneyi ndi imene inkawadzutsa, kuwameta ndevu ndi kuwaveka malaya ositidwa.

Tsiku loyamba galimoto kukana kulira, palibe amene anadandaula. Ana anali atakwera kale, a Sekondi n'kupotoza kiyi, injini n'kungoti tche tche tche, kenako zii. Galimoto yotere siilira ndi kukankha, choncho bambo wina amene anabwera kudzatenga mwana wake anatulutsa majampa, nthambo ziwiri zija yofiira ndi yakuda, n'kulumikiza batire lake ku la a Sekondi. Inalira, ana anaomba m'manja, nkhani n'kuthera pomwepo.

Koma mawa lake inabwereza, ndipo sabata yotsatira inachita ngati yapeza mwambo. A Sekondi anagula majampa awoawo. Masana aliwonse munkawaona ataima m'mphepete mwa msewu, nthambo zili lende m'manja, akubaya dzanja galimoto iliyonse yodutsa. Anthu a galimoto ndi oipa mtima, tinene zoona: munthu akuona mkulu waimvi ali thukuta kamukamu, iye n'kuyang'ana kumbali ngati waona wamisala. M'galimotomo ana ankapsa ndi dzuwa, wina akulira njala, wina wadzikodzera. A Sekondi manyazi ankawagwira mpaka m'mafupa.

Mayi mwini sukulu anawaitana pa geti. Anali mayi waulemu, ndipo ulemu wakewo ndi umene unkawawa kwambiri.

"Bambo, ine sindikufuna kukutayani," anatero. "Koma makolo akundiimbira foni mpaka khutu kutentha. Pali wina wa minibasi akundivutitsa kuti ndimupatse anawa. Ikonzeni galimotoyi, chonde, ndisafike pochita zimene sindikufuna."

A Sekondi anayamba ndi zimene dalaivala aliyense amayamba nazo. Anamasula mitu ya batire, n'kuitsuka ndi madzi otentha mpaka zoyera zija zitachoka, n'kuimanga mwamphamvu. Inafa. Anagula batire latsopano lili m'katoni, n'kulinyamula pachifuwa ngati khanda. Linagwira masiku owerengeka, n'kufa nalonso pansi pa mtengo womwe uja. Apa mpamene anameza malovu n'kupita kwa mlamu wawo, mchimwene wamng'ono wa akazi awo, amene ankakonza zamagetsi a galimoto m'kashedi ka malata kuseri kwa msika.

Mlamuyo anali munthu wapakamwa. "Alamu, mwabwera liti? Mwanyamuka dzulo kodi?" anawalonjera choncho, akupukuta manja pa ovolosi. Koma ntchito ankaidziwa. Analiza injini n'kuika mita pa batire kuti aone ngati otaneta, chipangizo chimene chimadzaza batire galimoto ikamayenda, ikugwira ntchito. Inali bwinobwino. Anakoka lamba wake, anali wolimba. Anazimitsa injini n'kuyamba kuzula mafyuzi imodziimodzi, kufunafuna waya amene akuba moto galimoto ili chigonere. Sanapeze wakuba. Anaigoneka pa shedipo Loweruka ndi Lamlungu osaikhudza, ndipo Lolemba inalira kiyi atangomugwira.

"Galimoto iyi ilibe matenda," anatero mlamu uja, akukanda m'mutu. "Kunyumba inayamba yakanapo m'mawa?"

"Ayi. Kunyumba imadzuka bwino."

"Ndiye zikundizunguza mutu. Ikanakhala kuti ikudontha moto, bwenzi ikufa itagona usiku wonse, osati maola ochepa a m'mawa. Kapena mtengo umenewo uli ndi eni ake, alamu? Musinthe mtengo."

A Sekondi anasinthadi mtengo, osauza munthu. Inafanso pansi pa mtengo winawo.

Masiku amenewo tulo tinawathawa ndipo chakudya ankangochitosa. Chaka chimenecho chinkawaipira m'zonse. Kunja kunkacha mochedwa, mlengalenga muli chifunga chosatha, ndipo galasi lakutsogolo ankalipukuta ndi nyuzipepala kangapo pa tsiku koma linkakhalabe ngati lapakidwa mafuta. Ankadandaulira akazi awo kuti mzinda wadzaza utsi, anthu akuwotcha zinyalala paliponse. Akazi awo ankangowasunthira kapu ya tiyi pafupi ndi dzanja.

Mlamu uja anabwera yekha tsiku lina m'mawa, atanyamula chikwama cha zida. "Lero ndikwera nawo ngati mwana wa sukulu," anatero. "Mwina imachita manyazi pa shedi panga." Anakhala mpando wakutsogolo akuseka, akufunsa ngati nayenso apatsidwa bisiketi.

Dzuwa linali litatuluka kale, kunja kuli mbee. A Sekondi analiza galimoto, n'kuyang'ana kumwamba, n'kupukusa mutu. "Mdima wa chaka chino," anatero, dzanja n'kupita lokha pa kandodo ka magetsi. Anayatsa magetsi akutsogolo, n'kutuluka pa geti chifuwa chitatsamira chiwongolero, mphuno ili pafupi ndi galasi. Mlamu uja anayang'ana kandodo kaja, n'kuwayang'ananso iwo. Ulendo wonse sanasekenso. A Sekondi anazindikira kuti munthu wapakamwa uja wakhala chete, koma sanafunse.

Atatula ana, anaimika pansi pa mtengo, kuzimitsa injini, kuzula kiyi, kutuluka n'kukhoma chitseko. Anali atayamba kale kulowera ku benchi pamene mlamu wawo anawagwira pamkono.

"Alamu, tabwerani muime apa, kutsogolo kwa galimotoku. Tayang'anani. Mukuona chiyani?"

"Galimoto."

"Magetsi?"

A Sekondi anayang'anitsitsa. Anaona chinthu chotuwa chokhala ndi mawanga awiri oyererako, monga zinthu zonse zinkaonekera masiku amenewo. "Ndi dzuwa likuwala pa magalasiwo," anatero.

Mlamu uja anatenga dzanja lawo n'kuliika pa galasi la getsi. Linali lotentha.

"Akuyaka, alamu. Mwawayatsa kunyumba dzuwa lili phwee. Kabelu kochenjeza kuti magetsi akuyaka kanafa kale m'galimoto muno, ndipo kagetsi kobiriwira ka pa dashibodi simukukaona. Amayaka chonchi mpaka masana. Batire lingapirire bwanji?"

"Nanga kunyumba?" anafunsa a Sekondi. Ankafuna kumupeza polakwa. "Masana ndimabwerera nayo kunyumba. Bwanji sifera kumeneko?"

Mlamu uja anayang'ana pansi. "Ndawaimbira achemwali tili pa geti paja. Akuti mukangolowa kukasamba, iwo amatenga kiyi wapadera n'kukazimitsa. Akuti anayamba kalekale. Ankaopa kukuuzani."

A Sekondi anachotsa dzanja pa galasi paja. Mkwiyo unawakwera kaye, poti munthu akagwidwa amayamba ndi kukwiya. Mkazi wa m'nyumba mwawo kuwayenda pansi chonchi! Anawaona akugula batire, anawaona akusowa tulo, iwo ali duu! Koma mkwiyowo sunapeze pokhala, chifukwa pansi pa mtima iwonso ankadziwa. Ankadziwa kuyambira tsiku limene analephera kuwerenga nambala ya galimoto ya kutsogolo kwawo n'kunena kuti yafufutika. Ankadziwa pamene anayamba kuzindikira ana ndi mawu, osati nkhope. Chifunga chija sichinali mumzinda ayi.

"Achipatala amatha kuchotsa ng'ala," anatero mlamu uja mwachangu. "Anthu amaonanso."

"Bambo anga anayamba chonchi," anayankha a Sekondi. "Sinali ng'ala. Anafa akuwatsogolera ndi ndodo."

Mlamu uja anatsegula galimoto n'kuzimitsa magetsi. Anakhala awiriwo pa benchi ya wosoka nsapato m'mawa wonse. A Sekondi mutu unali pa chintchito. Vuto lapezeka, si choncho? Kuzimitsa magetsi basi. Atha kumanga kansalu pa kiyi kuti kaziwakumbutsa. Njira akuidziwa, sathamanga, sanagundepo ngakhale nkhuku moyo wawo wonse. Mlamu sangawaulule, akazi awo asunga kale chinsinsi nthawi yonseyi. Akanangomaliza chaka chino chokha. Akasiya, adzakhala chiyani? Nkhalamba ya pakhonde, yodikira kuti wina aisunthire kapu. Mtima unawawawa kwambiri moti anagwira m'mphepete mwa benchi.

Belu litalira, ana anatuluka akuthamanga n'kudzazana m'galimoto. A Sekondi anakhala pa mpando wawo, n'kupotoza kiyi. Injini inalira kamodzi n'kamodzi, mawu ake osalala ngati yatsopano. Ana anakuwa ndi chimwemwe. "Yachira! Ankolo, yachira!" Mayi mwini sukulu anafuula ali pa geti kuti zikomo bambo, Mulungu wamva. Ichi ndi chimene a Sekondi anakhala akupempherera masabata onsewa, ndipo chinafikadi.

Mlamu uja sanakwere. Anaima pa windo la dalaivala, n'kuyankhula motsitsa kuti ana asamve.

"Musanachotse phazi pa buleki, alamu. Kutsogoloku kuli chiyani?"

A Sekondi anatsinzina n'kutsegula maso. Anaona khoma loyera la sukulu, dzuwa likumenya pamenepo, ndi msewu wotuwa. Anayang'ana bwinobwino, chifukwa sankafuna kunama.

"Palibe. Njira ili yoyera."

"Pali mwana waima apo. Kamtsikana kovala diresi loyera, kanyamula botolo la madzi. Kakukuimikirani dzanja kuti musakasiye."

A Sekondi anayang'ananso pamalo pomwepo. Sanaone kanthu. Kenako chidutswa cha khoma lija chinasuntha, n'kubwera chakumbali, n'kuyankhula ndi mawu amene ankawadziwa bwino, a kamwana kamene kamakhala pa nyumba ya geti lobiriwira: "Ankolo, ndinapita kukatunga madzi."

A Sekondi anakanikiza buleki mwamphamvu. Anakoka handibuleki mpaka kumapeto, n'kuzimitsa injini ndi dzanja lawo. Ana anati aaa, poganiza kuti yafanso. Mayi mwini sukulu anabwera akuthamanga, nkhope itagwa.

"Yayambanso, bambo?"

"Ayi mayi, galimoto ili bwino," anatero a Sekondi. "Wa minibasi uja mumuimbire. Ayambe mawa."

Mayiyo anafuna kufunsa, koma mlamu uja anamupukusira mutu. A Sekondi anatsika, n'kuzungulira galimoto dzanja lili pa boneti, n'kukakhala mpando umene sanakhalepo chigulire galimotoyo. Kamtsikana kaja kanakwera n'kuwakhala pamiyendo, poti malo ake anali atalandidwa, botolo lake lozizira likuwanyowetsa malaya. Mlamu uja analiza galimoto n'kutulukira mumsewu.

"Makomo a anawa sindiwadziwa, alamu," anatero. "Tiyambire kuti?"

A Sekondi anatsamira kumbuyo n'kutseka maso, kuti ana asaone zimene zinali kutuluka m'menemo. Matayala anagunda hampu, kenako kadzenje kaja ka pafupi ndi mpope.

"Mukhotere kumanzere apa," anatero, maso ali chitsekere. "Nyumba yachitatu. Muime patali pang'ono ndi geti, pali ngalande."