Fungo la Mandimu pa Dzanja la Alamu

Mayi Agape Nkhoma ankachapa zofunda pa loji ina ku Senga Bay, komwe amuna awo, a Lawson, ankaperekera zakudya. Chaka cha mavoti a matipate, mlendo wina anawasiyira a Lawson botolo la perefyumu, nati ndi wa amuna ndi akazi omwe. Ankadzithira onse awiri, Lamulungu lokha.

Perefyumuyo anali ndi khalidwe lake. Ukangothira ankamveka ngati munthu wasenda nachesi pafupi ndi mphuno yako, mandimu akubwera pambuyo. Dzuwa likakwera ankafatsa ngati masamba a tiyi. Pofika masana ankasanduka fungo la thabwa lopala kumene, lolemera, lachimuna. Amene mavenda ankagulitsa pa boma nawonso ankayamba ndi mandimu, koma ukakwera matola, usanafike ku Chipoka thukuta linkawasandutsa sopo wotsukira mbale.

A Lawson atamwalira, akulu awo a Yesaya anabwera kuchokera ku Dowa kudzatenga katundu wa malemu. Zachimuna zonse zinkayenera kupita kuchimuna. Njinga inatuluka, wailesi, jekete, malaya onse. Mayi Agape anangokhala pamphasa mpaka a Yesaya anatola botolo lija pazenera. Malaya anali kale m'thumba, ndiye fungo la amuna awo linatsala m'botolomo mokha.

"Nanga ili, mlamu, ndi la ndani?"

"Tanunkhizani nokha, alamu," anayankha maso ali pansi.

A Yesaya anathira padzanja, n'kukwinya mphuno.

"Iii! Mandimu okhaokha! Mng'ono wanga ankadzola zimenezi? Kumudzi akandiseka kuti ndagona m'dengu la manachesi. Izi n'zachizimayi, sungani."

Unali m'mawa, ndipo mayi Agape ankadziwa mmene dzanja limenelo lidzanunkhire masana. Komabe mlamu wochokera kutali sachoka pakhomo asanadye. Anakazinga chambo mofulumira, nachikulunga m'pepala, n'kuchiika m'dzanja lomwe lija, mafuta akudontha.

"Mukadyere panjira, alamu. Matola a masana akusowa masiku ano."

Anawaperekeza mpaka pasiteji, katundu ali panjinga. Oyandikana nawo anang'ung'udza kuti mayiyu wathamangitsa mlamu ndi njala.

Botololo likadali pazenera. Lamulungu mayi Agape amathira pang'ono padzanja popita kutchalitchi, ndipo akaweruka amakhala pakhonde kudikira kuti masana afike.