Mfumu ya Fili pa Khwekhwerere

Alamu anga a Kadzuwa ayendetsa galimoto zaka makumi awiri. Mukangowapatsa mpata akuuzani kuti msewu wa Khwekhwerere, uja wotsetsereka kuchokera kumapiri a Dedza kudzafika kwathu kuno ku Golomoti, amaudziwa kuposa nkhope ya achemwali anga. Pamenepo sanama, chifukwa kunyumba ankangofikako kudzasintha malaya.

Ankagwira ntchito pa kampani ina ya ku Lilongwe yobwereketsa magalimoto, kunyamula azungu odzaona zosemasema ku Mua. Koma chowanenepetsa sanali malipiro ayi, inali fili. Akafika pamwamba pa phiri ankachotsa giya, galimoto n'kumatsetsereka yokha, iwo akuimba kamluzu. Mafuta opulumukawo ankawayamwa ndi kapaipi kuseri kwa golosale yanga n'kugulitsa kwa akabaza a njinga zamoto. M'kamwa mwawo munkanunkha petulo ngakhale pa Mgonero. Pamsika ankawatcha Mfumu ya Fili, ndipo dzinalo ankalikonda kuposa la ubatizo.

Chaka chatha kampani inagula magalimoto amagetsi, ati azungu a masiku ano utsi sakuufuna. Madalaivala akale ambiri anawauza kuti akapume. Alamu anawapatsa ulendo umodzi woyesera: azungu awiri, kupita ku Mua ndi kubwerera tsiku lomwelo. Akalephera, ntchito yathera pomwepo.

Bwana wawo, mayi wina dzina lake Monalisa, anawalangiza asananyamuke.

"Bambo Kadzuwa, potsika phiri giya musachotse. Galimoto iyi ikamatsika ili m'giya, batire imadzitchaja yokha. Moto umenewo ndi womwe mudzakwerere pobwera."

Alamu anavomera mwaulemu, manja kumbuyo. Mumtima ankati mwana wa dzulodzuloyu angawaphunzitse chiyani za phiri. Atafika pamwamba pa Khwekhwerere, dzanja linapita lokha pomwe linazolowera. Fili mpaka pansi.

Anaima pa golosale yanga monga mwa nthawi zonse, azungu n'kutsika kukajambula milu ya tomato. Ndinawaona alamu akuzungulira galimoto ija katatu, kapaipi kakusuzumira m'thumba.

"Mukufuna chiyani, alamu?"

"Ndikungoona matayala."

"Matayala amayamwidwa ndi paipi masiku ano?"

Anandiyang'ana ndi diso la nkhwezule, kenaka n'kundifotokozera nzeru za bwana wawo akuseka. "Ati chinthu chizidzaza chokha potsika! Inu alamu, munaonapo ndowa ikudzaza chifukwa choti mwaigubuduza?"

Ine za mabatire sindizidziwa, koma ndinawakumbutsa kuti mawu a akulu amakoma akagonera, ndipo masiku ano akulu ena amavala siketi. Ananditcha wansanje.

Ku Mua ankadalira kutchaja pa nyumba ina yogona alendo, koma anapeza magetsi atathima kuyambira m'mawa. Anadikira mpaka azungu kutopa ndi kuona zosema, magetsi osabwera. Ananyamukabe, ati dalaivala weniweni saopa manambala a pa dashibodi. Galimoto inadutsa pamsika pathu bwinobwino cha m'ma fili koloko, itangoyamba chitunda choyamba inangoti zii. Osatsokomola, osalira, kungofa mwaulemu ngati munthu wophunzira.

Msika wonse unathamangira kumeneko. Akabaza omwe ankawagulitsa mafuta aja anabwera ndi chigubu, n'kumafunsa mwachifundo chabodza kuti athire pati. Ena anayesa kukankha kuti ilire, koma chinthu chopanda injini chilira bwanji? Alamu thukuta lili kamukamu, taye atamasula.

Anawapulumutsa ndi mayi Enifa, amasiye a kuseri kwa chigayo, omwe ankachokera kokatula njerwa ndi ngolo yawo. Anamangirira galimoto kumbuyo kwa ngolo, ng'ombe ziwiri n'kuikokera pa golosale yanga. Azungu aja anakana kukhala m'galimoto. Anakwera pangolo, fumbi la njerwa lili mbuu, mano onse pamtunda, akujambula michira ya ng'ombe. Atabwerera analembera kampani kuti pa ulendo wonse chinawasangalatsa kwambiri ndi ngolo.

Mayi Monalisa sanakalipe n'komwe. Galimotoyo imasunga zonse zomwe dalaivala wachita, ndiye anangowaonetsa alamu pa foni mphindi imene anachotsa giya. Kwa zaka makumi awiri palibe galimoto inawanenerapo kwa bwana, iyi inawanenera tsiku loyamba.

Lero kampani ija imatula azungu pano, mayi Enifa n'kumawazungulitsa m'midzi pangolo yoyala mphasa. Anafuna munthu wodziwa kachingerezi koti aziyankhula ndi alendo uku akuyendetsa ng'ombe, achemwali anga n'kukawapemphera amuna awo. Kapaipi kaja achemwali akutungira madzi mu diramu.

Sabata yatha ndinakwera nawo popita kudimba. Titafika pa kamtsetse kolowera kumtsinje, ndinaona dzanja lamanzere la alamu likusiya chingwe n'kumapapasa m'mwamba pambali pa bondo. Ndinafuna kuseka, koma ndinawamvera chifundo. Mayi Enifa ndiwo analibe nazo nthawi.

"Gwirani chingwe, a Kadzuwa. Ng'ombe zangazi fili sizimaidziwa."